Nyumba Yonse Ituluke

Kamera ndinaigula kwa mnzanga wa kutchalitchi itamutopetsa. Mkati mwa sabata ndinkagulitsa penti m'sitolo ina ku Area 2, ndipo Loweruka masana ndinkazungulira Old Town kujambula nkhope za anthu, osalipiritsa. Chomwe ndinkanyadira chinali chakuti nkhope iwale, zakumbuyo zonse zingoti mbuu.

Woyamba kundilipira anali mayi wina wa ku Rumphi, wogwira ntchito m'boma ku City Centre, yemwe ankagula penti kwathu. Anali atangomaliza kumanga nyumba ku Area 9. Amayi awo kumudzi anali okalamba, maso akufa pang'onopang'ono, ulendo wa ku Lilongwe sakanautha. Mayiyo ankafuna chithunzi chachikulu choti mlongo wawo apite nacho Lolemba, gogoyo aone adakapenya.

Ndinawaimika pakhonde n'kujambula mmene ndinkadziwira. Nditawaonetsa pakamerapo anakwinya nkhope.

"Achimwene, nyumba ili kuti? Kumbuyoku ndi utsi?"

"Amayi, ukatswiri wake ndi umenewu."

"Ukatswiri mukachitire kwanu. Ine ndikufuna malata, mawindo, geti, zonse zituluke."

Ine ndine wamtima wapachala, sindibisa ayi. Zija za nkhope ndinazifufuta pomwepo iwo osadziwa, n'kuwoloka msewu kukaima pafupi ndi ngalande. Ndinajambula nyumba yonse, mpanda, thanki yamadzi yomwe. Eni ake anangotsala kanthu kakang'ono pageti ngati nyerere. Ndinaona ndithu kuti achepa, koma mumtima ndinati mwafuna nokha. Anakondwera, ndinakatsukitsa chachikulu, mlongo wawo n'kunyamuka nacho.

Patatha sabata mayiyo anatulukira kusitolo.

"Amayi ayamikira nyumba," anatero. "Koma akuti asuzumira chithunzi chonse, akufunsa kuti mwana wanga ali pati pamenepa. Zija za nkhope zija muli nazobe?"

Kalanga ine! Ndinaika pansi chitini cha penti chomwe chinali m'manja. Ndinaulula kuti ndinafufuta, komanso kuti ndinaona kuti achepa koma osanena. Sanandikalipire, ndipo chimenecho chinandiwawa kuposa kukalipidwa.

Loweruka lomwelo ndinawajambulanso ulere, nkhope yodzaza chithunzi. Chovuta chinali wopita nacho. Tchuthi chawo chinali kutali, mvula inali itayamba, ndipo kumudziko ndi kutali ndi msewu. Podikira, anandilozera kwa anzawo a kuntchito, wina wa chinkhoswe, wina wa ubatizo wa mwana. Ntchito yomwe ndikudyera lero inayambira pamenepo, ndipo ndikaikumbukira manyazi amandigwirabe.

Munthu wodalirika wopita ku Rumphi anapezeka patatha miyezi itatu. Chithunzi chimafika, gogoyo anali atasiyiratu kuona. Akuti anachisisita ndi dzanja kanthawi, kenako anafunsa omwe anali pafupi ngati mwana wawo wanenepako.