Tomasi tinamumetera m'nyanja

Lachiwiri ndinali ku Chiwanga, kometa maliro a msuweni wanga, msodzi amene wasiya mkazi, Marita, ndi kamnyamata kamodzi, Tomasi. Achibale tinakhala pamphasa m'mawa, lezala likuyenda mutu ndi mutu, mpaka linafika pa Tomasi.

Tomasi ali ndi autizimu. Anatero adokotala ku Lichinga. Zimene ife sitizimva n'komwe, iye zimamubaya: kolala ya malaya, injini ya boti, dzanja lomugwira modzidzimutsa. Atangoona lezala anatseka makutu n'kuyamba kukuwa, akumenyetsa mutu pansi.

"Mugwireni miyendo!" anatero a Bernado, akulu ake a malemu. "Alamu, mwana uyu mwamulekerera. Akapanda kumeta maliro a bambo wake, asadzatchedwenso wa pakhomo pano."

Marita kwawo ndi ku Maniamba, ndipo nyumba imene akukhala ili pamalo a banja la mwamuna wake. Mawu amenewo sanali nthabwala.

Inu owerenga, mwana akalira chonchi, timafulumira kunena chiyani? Timati ndi mwano. Ena amati analodzedwa, ena amati mayi wake sadziwa kulera. Mu shapa, minibasi ya ku Lichinga, wailesi ikabangula mwana n'kudziphimba kumutu, timamuseka. Kutchalitchi akathawa belu, timayang'ana mayi wake ndi diso lofiira. Kufunsa kuti chikumupweteka n'chiyani, ayi, tilibe nthawi. Safunsa anadya phula, ndipo ife phulalo timalidya tsiku ndi tsiku.

Zimandikwiyitsa, sindibisa. Mwambo si wolakwa. Cholakwa n'choti timaumirira kuti mutu uliwonse umve lezala mofanana.

Marita anagwada pamaso pa a Bernado. "Alamu, sindikukana mwambo. Koma Tomasi sanametedwepo pamtunda. Bambo wake ankalowa naye m'nyanja, madzi afike m'chifuwa, n'kumudula ndi sizasi pang'onopang'ono. M'madzi thupi lake limakhala phee."

A Bernado anayang'ana lezala lija, kenako anayang'ana mwana. Anasiya lezalalo n'kutenga sizasi. Anapinda buluku, ngakhale kupindako sikunathandize kanthu, n'kutsetserekera kunyanja. Marita anatsogola ndi Tomasi.

Ntchito inatenga nthawi ndithu. Sizasi ikalira pafupi ndi khutu, mwana ankakhotetsa khosi, a Bernado n'kudikira. Koma sanakuwenso. Mutu unatuluka ngati udzu wodyedwa ndi mbuzi, apa patali apa pafupi, komabe unali mutu wometa.

A Bernado anatuluka m'madzi buluku lili lonyowa, maso ali ofiira. Anaima pafupi nane n'kunena motsitsa mawu: "Mng'ono wanga ankachita zimenezi zaka zonsezi, ine ndili khomo lachiwiri, osadziwa?"

Nanenso sindinkadziwa.

Nanga inu, mwana wa pakhomo loyandikana nanu amene mumati ndi wamwano uja, munayamba mwafunsapo mayi wake kuti amamumeta bwanji?