Pasipoti ya Vainess

Vainess ndimagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Springburn, kuno kudziko la Azungu. Pasipoti yake amaisunga m'kamisolo, ngakhale posambitsa agogo. Tinkamuseka mpaka tsiku lomwe anatiuza za ku Bahrain.

Anapitako mu 2010 kukagwira ntchito yam'nyumba. Akuti ndi kadziko ka zilumba, kochepa kuposa boma la Zomba, kotentha ngati m'ng'anjo. Kale ankadalira ngale za pansi pa nyanja, kenaka mafuta. Angelezi adachokako mu 1971. Banja lachifumu ndi la Asilamu a Chisunni, koma nzika zambiri ndi Asilamu a Chishia, ndipo nkhani yakeyo siyankhulidwa mokweza.

Tsiku loyamba, adona apanyumbapo anapempha pasipoti kuti amusungire. Vainess, mwana woleredwa bwino wa ku Ntcheu, anagwada n'kupereka ndi manja awiri. Munthu wamkulu ungamukanize? Chaka chotsatira anthu anadzaza m'misewu ya ku Manama, likulu la dzikolo, kufuna kusintha zinthu, asilikali anawoloka mlatho kuchokera ku Saudi Arabia, utsi wokhetsa misozi unkalowa mpaka m'khitchini. Vainess anafuna kubwerera kwawo. Pasipoti anaionanso patapita zaka zinayi.

Nanga anauzako abale ake? Ayi ndithu, manyazi. Kwawo amangodziwa kuti azakhali kunja kunawayanja. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Lachiwiri lapitali tili m'basi, foni yake inalira. Anali Temwa, mwana wa mchimwene wake, yemwe Vainess analera yekha.

"Azakhali, sapulaizi! Ndili ku Bahrain, ndapeza ntchito ngati inu kale!"

Vainess anaimirira basi ikuyenda. "Iwe Temwa, uli pati?"

"Panyumba pa mabwana. Ndangofika kumene."

"Tamvera. Pasipoti yako usapatse munthu. Lamulo la komweko silikukakamiza. Akapempha ukane, wamva? Usagwade!"

Azungu m'basimo anatitembenukira. Ine ndinachita mantha ngati mwanayo ndi wanga. Mbali inayo Temwa anaseka.

"Musadandaule azakhali, sindinakuchititseni manyazi. Adona anapempha pakhomo pomwe, ndawapatsa ndi manja awiri, monga munandiphunzitsira."

Vainess anakhala pansi, dzanja lili pachifuwa pomwe pamakhala pasipoti yake. Siteji ya kuntchito tinaipitirira.