Katoni ya Saquina

Tsiku limene khoma la kalasi linang'aluka ku Lunho, Saquina anachotsedwa ntchito pamaso pa amisiri ake. Anali kapitawo wa zomangamanga, wongochoka kumene kusukulu.

"Bwererani muzikayanika usipa, dona," anatero a José Luís, enjiniya wamkulu, osatsika n'komwe m'galimoto.

Sanafunse chimene chinachitika. Simenti inkabwera pa boti, ndipo mwera unaomba masiku asanu ndi anayi, boti osabwera. Amisiri anatopa kudikira, napita kukapha nsomba. Maziko anathiridwa mwapatalipatali, osagwirana. Buku limene Saquina anaphunzira linkati lole ya simenti imafika m'mawa uliwonse. Lole yake iti, pa msewu wa ku Lunho? Amene anamuphunzitsa zimenezo sanadzudzulidwe ndi mmodzi yemwe. Ine wokusimbirani nkhaniyi, zimandiwawa mpaka lero.

Anabwerera kwawo ku Meluluca. A Mariamo, oyandikana nawo, sanamufunse kanthu. Ankangomusiyira chinangwa chophika pakhomo.

Saquina anatenga katoni n'kujambulapo malo omanga, napanga masewera. Zitsekerero za mabotolo zinakhala matumba a simenti, nyemba zinakhala amisiri. Analemba makadi: "Mwera, boti silibwera." "Usipa wachuluka, amisiri atatu athawa." "Maliro, lero kulibe ntchito." Wosewera amalize kalasi mvula isanagwe.

Ankafuna kuphunzitsa nawo achinyamata. Sukulu ziwiri za ntchito zamanja zinamubweza pageti. Pa yachitatu, mkulu wake, a Hosea, anaseka.

"Ophunzira anga azisewera bawo? Ndamanga zaka makumi awiri ine."

"Ndiye sewerani kamodzi, bambo. Mukapambana, simudzandionanso."

Anasewera ophunzira akuonerera. A Hosea anayamba maziko ndi simenti yochepa, podalira boti. Khadi la mwera linatuluka. Mvula inapeza kalasi yopanda denga.



"Bwezerani nyembazo," anatero a Hosea chapansipansi. "Tiyambirenso."

Ulendo wachitatu anayamba asonkhanitsa simenti yonse kumtunda asanakumbe maziko, ndipo anamaliza. Anamukokera okha Saquina mpando.

"Lolemba muyambe, aphunzitsi."

Lero ophunzira ake amalakwitsa pa katoni, pomwe khoma likagwa silipha mwana wa munthu.

Inu amene munanyozedwa popanda wokufunsani, mkwiyo wanuwo ndi woona, ndipo Mulungu akuuona. Musauwononge ndi kutukwana. Upatseni ntchito, ndipo musagwe mphwayi.