Nkhope ya mwana pa botolo la mkaka

Amene anayamba kundiuza ndi mayi wina wa ku Zambia amene timasamalira naye okalamba, ndipo Mulungu ndi mboni yanga, zimene ndikulembazi zinachitikadi m'nyumba mwanga ku Beaumont Leys, kuno kumaiko a azungu. Tili m'basi pochokera ku shifiti, anandinong'oneza kuti mnyamata wa mnzathu wa kutchalitchi, wa zaka khumi ndi zinayi, sanabwereko kusukulu ndipo apolisi akumufunafuna.

Atapita masiku kuli zii, ndinawatenga amake kudzakhala kwathu, nanga mzimayi mnzako ungamusiye yekha akuyang'anizana ndi bedi lopanda munthu? Azimayi ankabwera kudzapemphera, koma tinapangana kuti pasapezeke wolira mokweza, poti kwathu sitilira maliro a munthu amene mtembo wake sitinauone.

M'mawa wina amake a mnyamatayo anatsegula filiji kuti athire mkaka mu tiyi, ine ndinangomva kapu yasweka. Pa botolo la mkaka panali patamatidwa mutu wa mwana wawo, mutu wokhawokha, wodulidwa m'khosi ndi sizasi kuchokera pa chithunzi cha kwaya. Inu mukudziwa zimene munthu wakwathu amaganiza akaona zotere. Mayiwo anangoti pansi khu, n'kuyamba kulira kwa pamaliro komwe tinkakuletsa kuja.

Anachita zimenezi ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anafotokoza m'Chingerezi chakecho kuti m'makatuni a pa TV mwana akasowa amamuika pa paketi ya mkaka, anthu n'kumupeza katuniyo isanathe, ndiye iye anaona kuti akuluakulu tonse taiwala kutero. Ndikanamukalipira bwanji?

Nditati ndimatule chithunzicho, amake a mnyamata uja anandigwira dzanja, akuti ndichisiye, mwina mwanayu waona chimene ife sitikuchiona. Papita zaka tsopano. Apolisi anayesetsa, ndimawathokoza, koma mnyamata uja sanapezeke. Mpaka lero mkaka ukatha, mayi aja amasamutsira kachithunziko pa botolo latsopano, nkhope yake ikunka nifufutika ndi chinyezi, ndipo mwana wanga anasiya kufunsa ngati wapezeka.

Ndimakhulupirirabe kuti Mulungu akudziwa kumene ali, ngakhale masiku ena ndikagwada mawu amandithera. Makolo anzanga, mwana akachedwa musamangoti ali kwa anzake, nyamukani mukamuone ndi maso anu. Ndipo mukamapemphera, chonde likumbukireni banja limeneli, makamaka amake, amene saloledwa kulira maliro koma kuseka anasiya kalekale.