Nsikidzi za pa Mdadada wa ku Chamama

Ketulo ija inalibe chivindikiro. Kunsi inali yakuda bii, chogwirira chake chomangidwa ndi waya, kukamwa kwake kwakutali kopindika ngati khosi la bakha. Sindikumbuka kuti tinamwapo tiyi wa m'menemo. Ntchito yake inali imodzi basi: kuthira madzi owira m'makona a bedi la amayi, mmene matabwa amakumana, kuti nsikidzi zife.

Nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 3. Tinkakhala ku Chamama, kuseri kwa msika, m'chipinda cha lendi pa mdadada wa zidina wofolera malata. Abambo anali tenanti pa esiteti ina ya fodya kutali ndithu, ndipo ankagona komweko m'kanyumba ka udzu. Amayi anakana kukakhala ku esitetiko chifukwa kunalibe sukulu pafupi. Anati mwana wawo sakulira m'chigafa akusoka fodya. Ndiye tinali atatu m'chipindamo: amayi, ine, ndi kamlongo kanga komwe kanali katangoyamba kukwawa. Amayi ankakazinga zitumbuwa n'kukagulitsa pamsika. Khomo loyandikana ndi lathu munkakhala aphunzitsi, omwewo amene ankandiphunzitsa kusukulu.

A landilodi nawo anali mlimi wa fodya, bambo wachikulire woyenda ndi majombo ngakhale kunja kuli fumbi lokhalokha. Anali ndi lamulo limodzi lomwe aliyense pamdadadapo ankalidziwa pamtima. Ukawadandaulira za makoswe, za mphemvu, kaya za nyerere, yankho linali lomwelo: “Zoima ndi zanga, zoyenda ndi zanu.” Khoma, chitseko ndi denga zinali zawo. Chilichonse chokhala ndi miyendo chinali cha ife alendi. Ankalinena akumwetulira, ngati munthu wonyadira kuti nzeru imeneyi anaipeza yekha popanda womuthandiza.

Nsikidzi zinayamba ndi kutentha kwa Okutobala. Masana malata ankalira thethethe, ndipo m'chipinda munkakhala ngati mu uvuni. Kukacha tinkadzuka ndi totupa tondondozana m'manja, m'khosi ndi m'chiuno. Kamlongo kanga kanali kosadziwa kudzikanda, ndiye kankangozunguza mutu pamsana pa amayi kakulira. Fungo lake ndimalimvabe mpaka lero, fungo lonunkha mozuna lotsalira kuchala ukaphwanya imodzi. Kusukulu aphunzitsi ankandikalipira kuti ndisiye kudzikanda ngati nkhuku ya utitiri, koma akatembenukira kubolodi ife tinkaona zidindo za choko kumbuyo kwa buluku lawo, pomwe iwonso anali atadzikanda.

Loweruka lililonse amayi ankatulutsa zonse panja. Mabulangete pachingwe, matilesi padzuwa, zovala m'madzi otentha, mbale ndi mapoto pakhonde. Bedi tinkalinyamula awiri, iwo kumutu ine kumiyendo, likugunda mafelemu a chitseko. Kenako ketulo ija. Amayi ankathira pang'onopang'ono, mlomo atauluma, madzi akutsata mzere wa thabwa, nthunzi ikuwapita kumaso. Ine ntchito yanga inali kutokosa m'timabowo ndi minga ya mthethe. Pofika madzulo bedilo linkakhala loyera kuposa tebulo la kuchipatala. Tinkagona bwino tsiku limenelo, mwina ndi linalo. Kenako zija zabwereranso, zonenepa ngati sizinamve kuti kunali maliro.

Amayi ndi amene anazindikira komwe zinkachokera. Makoma a mdadadawo anali ong'alukang'aluka, ndipo makoma ogawa zipinda sankafika kudenga. Ukaima pampando unkatha kuona neti ya udzudzu ya kwa aphunzitsi. Tsono mwezi ukatha, aphunzitsi akalandira, ankagula mankhwala opopera a m'chitini, n'kupopera chipinda chawo chokha, n'kutseka chitseko, n'kupita kokaonera mpira. Nsikidzi si zopusa. Zinkangokwera khoma n'kutsikira kwathu. Ifenso tikathira madzi owira, zotsala zinkabisala m'ming'alu kapena kupita kwa mayi wa khomo lachitatu. Mdadada wonse tinkangopatsirana ngati mbale ya ndiwo.

Izi ndikamaziganiza lero mtima umandiwawa, chifukwa mankhwala ake sanali ovuta. Kumata ming'alu yonse, kupopera zipinda zonse tsiku limodzi, basi. Munthu amene akanatha kulamula zimenezo anali mmodzi, mwini khoma. Panopa ine ndili pa lendi kuno ku Boma, ndili ndi mwana wanga, ndipo ndisanalowe m'nyumba ndimayenda ndi kamtengo ka machesi n'kumapisa m'ming'alu. Ndimafunsiratu kuti zikabwera adzapopera ndani, ndipo adzapopera zipinda zingati. Bambo a mwanayu amati ndimachititsa manyazi. Ndimangowasiya, iwo anakulira m'nyumba ya makolo awo.

Amayi sanadikire kuti wina alamule. Tsiku lina anapita kudambo n'kubwera ndi dothi lamakande m'ndowa, analiponda bwinobwino ndi mchenga, n'kuyamba kumata mng'alu waukulu wa kumutu kwa bedi. Anali asanafike ndi pakati pomwe pamene majombo aja anamveka pakhonde.

“Mayi, nyumbayi mwagula liti?”

Amayi anagwada, manja ali matope okhaokha, n'kufotokoza mwaulemu kuti nsikidzi zikugona m'khomamo.

“Khoma ndi langa. Musalikhudze.”

“Nanga zoyendazi, bambo, poti zikugona m'choima chanu?”

A landilodi sanaseke. Anati iwo anthu obwera amawadziwa. Kale munthu wina anawakonzera khonde osapempha, ndipo itafika nthawi yotuluka anakana, n'kumauza anthu kuti nyumbayo ili ndi thukuta lake. Kuyambira pamenepo analumbira kuti mlendi sadzaikanso dothi pa khoma lawo, ngakhale lodzaza chikhato. Anawauza amayi kuti akataye matopewo, ndipo anaima pomwepo mpaka ndowa inatsukidwa. Pochoka anati, “Ndidzamata ndekha tikagulitsa fodya.”

Tikagulitsa fodya! Fodyayo nthawi imeneyo anali ku nazale, masamba ake ang'onoang'ono ngati chikhadabo changa, akuthiriridwa ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Anali woti adzawokeredwe, akule, athyoledwe, aume m'chigafa, asankhidwe, adindidwe m'mabelo. Mawu amenewa ku Kasungu kuno amatha kukwatitsa mwana, kumanga nyumba ndi kugula njinga, zonse pakamwa. Ndikawamva lero ndimadziwa kuti munthu wandikana mwaulemu.

Amalume, amene ankagwira ntchito pa esiteti yomweyo ndi abambo, anamva za mavuto athu ndipo anabwera pa njinga ndi kabotolo kokulunga m'pepala. Anali mankhwala otsala opopera ku nazale. Anati dontho limodzi limapha ngakhale njoka. Atangotsegula, fungo linatilowa mpaka kukhosi, ndipo ine maso anayamba kutuluka misozi. Amayi anayang'ana kamlongo kanga, komwe nthawi yomweyo kanali pansi kakunyambita chala chomwe kanapisa m'fumbi, n'kuwauza amalume kuti atseke botololo abwerere nalo. Amalume anakhumudwa. “Ndiye muzidyedwa, alongo,” anatero akumangirira botolo lawo pakaliyala. Pa zonse zimene amayi anachita chaka chimenecho, chimenechi ndimawayamikira kwambiri. Ndamvapo za mabanja amene sanakane.

Zinthu zinafika poipa pamene aphunzitsi anatopa. Anapita kwa a landilodi n'kuwauza kuti zikapitirira asamuka. Mlendi wa pamwezi, wolandira kuboma, sanali woti n'kumutaya. Madandaulo amene amayi anapereka kangapo konse osamveka, kwa aphunzitsi anamveka kamodzi kokha.

M'mawa mwake a landilodi anayendera mdadada wonse, khomo ndi khomo. Makoma sanawayang'ane n'komwe. Ankayang'ana katundu. Ena onse ankagona pamphasa. Aphunzitsi anali ndi bedi lachitsulo. La matabwa linali lathu lokha, ndipo aliyense ankadziwa kuti linachokera kutali, pa lole imene inatibweretsa. Analigogoda ndi chala, n'kugwedeza mutu ngati dokotala wapeza nthenda.

“Izi zinabwera pa lole.”

Amayi anawakumbutsa kuti chaka chonse chatha tinagona pabedi lomwelo, m'chipinda chomwecho, osalumidwa ngakhale kamodzi.

“Zinali zikuphunzira malo,” anatero a landilodi.

Chigamulo chawo chinali chachidule. Bedi liwotchedwe iwo akuona, apo ayi titulukemo.

Bedi limenelo analipanga ndi agogo, bambo awo a amayi, amene anali kalipentala kwathu ku Phalombe. Linali la mlombwa, lolemera, lofiirira, ndipo kumutu kwake anasemako timasamba tiwiri. Anawapatsa amayi pokwatiwa. Pamene lole ya esiteti inabwera kudzatenga matenanti, anthu ankakwera ndi mitolo ya zovala ndi mapoto, koma amayi anakangana ndi kapitawo mpaka bedilo linamangidwa pamwamba. Agogowo anamwalira ife tili kale ku Kasungu, ndipo amayi kumaliro sanapite. Zonsezi ine ndinkazidziwa, koma ndinkazidziwa ngati mmene mwana amadziwira mayina a maboma, zongoloweza.

Amayi anayesa njira zonse. Anapempha anthu a kutchalitchi kuti awasungire, koma ndani akanalandira bedi lomwe mbiri yake inali itafika kale pamsika? Ngakhale zitumbuwa zinayamba kubwerako zosatha, azimayi ena akunong'onezana kuti kwa mayi uja kuli uve. Kulitumiza ku esiteti kunalinso kosatheka. Kanyumba ka abambo chitseko chake munthu ankalowa chowerama, ndipo chiswe chakumeneko chikanalimaliza mvula isanathe. Anafunsa zipinda zina, koma inali nthawi imene anthu atsopano amafika kudzayamba ulimi, ndipo paliponse panali podzaza. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo. Abambo anatumiza mawu kudzera kwa amalume akuti, “Chitani chimene mukuona.” Mawu amenewonso ndinadzawamvetsa nditakwatiwa.

Tinaliwotcha masana, kuseri kwa mdadada pafupi ndi dzala. Amayi analigulula okha, thabwa limodzilimodzi, osalola kuti munthu alimenye ndi nkhwangwa. A landilodi anabweretsa palafini wawo, ndipo ndicho chinthu chokha chimene anaperekapo pa nkhondo yonse ya nsikidzi. Mlombwa suyaka msanga. Unayamba ndi utsi wonunkhira, kenako utomoni wofiira unatuluka m'mphepete n'kumawira. Moto ukathetheka a landilodi ankaloza n'kunena kuti, “Mwamva? Ndi zimenezo zikuphulika.” Aphunzitsi anaima chapatali, manja kumbuyo, ndipo sanakhalitse.

Ine ndinasangalala, ndisaname. Ana a pamdadada tonse tinazungulira motowo tikulumpha. Ndinkaganiza kuti kudzikanda kwatha, kukalipiridwa kusukulu kwatha. Moto utazilala ndinapempha amayi mbatata kuti tiwotche pamakalapo, chifukwa anali makala abwino, osathetheka, okhalitsa. Analowa m'nyumba n'kunditengera mbatata ziwiri. Iwo sanadye. Anapita kukasesa pamene panali bedi, ngakhale panali posesa kale.

Tinayala matilesi pansi, mutu kukhoma lomwe lija la mng'alu womata theka.

Kutacha ndinadzuka mkono wonse uli totupa, kuposa kale, poti tsopano tinali titazifupikitsira ulendo. Ndinathamangira panja pomwe amayi ankakanda ufa wa zitumbuwa, ndikuwaonetsa mkonowo monyadira ngati ndatola ndalama. Ndinati tiyeni tikawaonetse a landilodi, aone kuti ananama, silinali bedi.

Amayi sanadabwe. Sanayang'anitsitse n'komwe. Anapukuta manja pachitenje, analowa m'nyumba n'kutenga juzi yanga ya manja aatali, n'kundiveka, kunja kukutentha choncho. Anakokera manja a juziyo mpaka m'zikhato.

“Ukakumana nawo, ukawauze kuti zinatha.”

Ndinakumana nawodi tsiku lomwelo, pa mjigo, akutsuka majombo. Anandifunsa kuti mwagona bwanji kwanuko, ndipo ndinayankha monga anandiuzira. Anasangalala kwambiri. Anauza azimayi onse amene anali pamzere kuti iwo nkhani ya nsikidzi amaithetsa tsiku limodzi.

Njira yonse ya kusukulu ndinayenda nditakwiya, thukuta likuyenderera mkati mwa juzi, totupa tikuyabwa. Amayi omwewo amene ankandikwapula ndikanama za kachidutswa ka chitumbuwa, lero akundituma kukanama kwa munthu wamkulu, pa nkhani imene ife tinali olondola. Ndinkaona ngati achita mantha, kapena sanamvetse kuti tapambana. Sindinkadziwa kuti iwo anadziwa kalekale, asanagulule ndi thabwa loyamba lomwe, kuti bedilo linalibe mlandu. Sindinkadziwanso kuwerenga zimene zinatsala m'chipinda muja. Tikanati nsikidzi zikadalipo, a landilodi akanabweranso kudzafuna china chimene chinabwera pa lole, ndipo chotsala chinali ife.