Pepala Limakhala Kumanzere

A Yotamu Nkhwazi anali munthu wa zala. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina ku Zomba, ndipo mphunzitsi amene anawaphunzitsa ntchitoyo anali ndi lamulo limodzi: pepala lokopera limakhala kumanzere, maso pa pepala, zala zidziwe zokha njira. Ukasuzumira pa makina, rula inkatera pa zala. Lamulolo linawalowa m'mafupa, moti ngakhale patebulo lodyera ankaika nyuzipepala kumanzere kwa mbale.

Atafika ku Brampton, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, mu 2001, zala zomwezo zinawapezera ntchito pa kampani ina ya mathiraki. Ankalemba mapepala a katundu ndi kupatsa madalaivala manambala odutsira pamalire. Anali onyada, osabisa. Ankabwera atamanga tayi pamalo pomwe anzawo ankavala majuzi, ndipo kupempha thandizo ankakuona ngati kuvula pagulu.

Koma matenda a shuga salabadira tayi. Pofika 2006 maso anayamba kuchita chifunga, zilembo zing'onozing'ono n'kumasungunuka. Ankadziwa ndi mayi akunyumba okha, a Kettie. Kuntchito sanauze munthu, chifukwa ankakumbukira mkulu wina amene anadandaula za maso, mwezi usanathe pampando pake panali wina. Kompyuta yakale ya sikirini yaikulu inkawabisa bwino. Ndiye Lachisanu lina kampani inachotsa makompyuta onse akale n'kugawa malaputopu, tisikirini take tochepa ngati chivundikiro cha poto. A Yotamu anamwetulira polandira, koma ankadziwa kuti pa kasikirini kotero sangathe kuwerenga.

Loweruka anapeza sikirini yakale, yachimimba kumbuyo, m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Lamlungu lonse a Kettie anawawerengera malangizo oilumikizira ochokera kwa mnansi wawo mpaka anawaloweza ngati katekisimu. Lolemba anainyamula m'basi, atakulunga m'bulangeti, chipale chofewa chikuwaza kunja.

Anafika anthu asanachuluke. Analumikiza chingwe cha mutu wabuluu, n'kumanga tizomangira take tiwiri. Mphuno ili pafupi ndi laputopu, anadina momwe analowezera, kuuza kompyuta kuti itambasulire malo ake ogwirirapo ntchito pa sikirini yachiwiri. Chimphonacho chinaphethira, kenako chinayaka. Anachikankhira kumanzere kwa laputopu, kumene pepala limakhala, n'kupuma. Chotsala chinali kukokera tsamba la manambala kuchokera pa kasikirini kupita pa chachikulucho.

Foni inalira. Anali Dulla, dalaivala wa ku Mangochi, ali pamalire ku Fort Erie.

"Achimwene, pepala langa lanyowa, nambala siikuoneka. Ofisala akuti ndimupatse pompano, apo ayi andibweza. Mundichekere msanga, m'mbuyomu muli mzere."

"Dikira pang'ono," anatero a Yotamu.

Anagwira tsambalo ndi mausi n'kukokera kumanzere. Kamuvi kanafika m'mphepete mwa laputopu n'kuima, ngati kagunda khoma. Anakokanso. Kanakana. Tsamba linalowa theka n'kubisika, sikirini yaikulu ili mbee, yopanda kanthu. Analibweza, n'kuwerama kuti awerenge pa laputopu pomwepo. Manambala anali ngati nyerere zonyowa. Kodi iyi ndi 3 kapena 8? Akalakwitsa imodzi, thiraki yodzaza mankhwala a m'chipatala ibwerera, ndipo aliyense adzafunsa kuti walakwitsa ndani.

"Achimwene, mulipo?"

"Ndilipo!"

Thukuta linatsika m'khosi la malaya. Anagwedeza mausi mwaukali, kamuvi kanasowa, kenako kanatulukira kumapeto kwenikweni kwa sikirini yaikulu, mbali ya kukhoma. Kadutsira kuti? Mantha atagwira munthu, nzeru zimathawa, ndipo a Yotamu sanathe kulumikiza zimene ankaona.

Pakhomo panaima Priscilla Zulu, woyang'anira ofesi, mayi wa ku Chipata wosakonda mawu ambiri. Anali asanavule jekete. Anayang'ana chimphonacho, bulangeti lili pansi, n'kuyang'ananso mkuluyo.

"Atate, n'chiyani ichi?"

"Ndakonekita bwinobwino, koma ikukana kupita kumanzere."

"Kompyuta iganiza kuti sikirini yanu ili kumanja. Tsegulani paja munasetera, muona timabokosi tiwiri, 1 na 2. Kokerani 2 kumanzere kwa 1, basi."

A Yotamu anatsegula. Timabokosito ankationa, koma ka 1 ndi kati, ka 2 ndi kati? Dzanja linayandama pamwamba pa mausi. Mu foni Dulla ankachonderera munthu wina m'Chingerezi. Akanatha kunama kuti mausi yavuta. Akanatha kungolota n'kudina. Anaganiza za Dulla, bambo wa ana anayi, ataima m'chipale chifukwa cha tayi ya munthu wina.

"Mayi Zulu," anatero, mawu atauma. "Sindikuona. Maso anga akutha."

Anali asanawatchulepo mawu amenewa kunja kwa nyumba yawo, ndipo anawawa kuposa rula ija.

Priscilla anawerama, n'kukoka kabokosi, n'kudina. Kenako anakankhira mausi m'dzanja lawo. A Yotamu anakoka tsamba lija, ndipo linawoloka bwinobwino kupita kumanzere. Analikulitsa mpaka manambala anakhala ngati a pa basi. Anawerengera Dulla imodzi imodzi, maso kumanzere, zala zikulemba zokha uthenga wotsimikizira pa laputopu osaphonya chilembo. Patapita kanthawi anamva Dulla akufuula kuti wadutsa.

A Yotamu anaika foni pansi. Anayamba kupinda bulangeti lija pang'onopang'ono, poganiza kuti mwina alifunanso madzulo pobwerera ndi katundu wawo.

"Nadziwa kuyambira mu Ogasiti," anatero Priscilla. "Munthu sanunkhiza sikirini popanda chifukwa. Nenze kuyembekeza kuti mukambe mweka." Anavula jekete n'kulikoleka. "Lachinayi mupite kwa dokotala wa maso, nizakhala pampando wanu. Chakutsogolo sinidziwa, atate, sininganame. Koma lelo mathiraki ali naini, ndipo palibe wina pano alemba monga imwe."

A Yotamu anakankhira bulangeti pansi pa tebulo ndi phazi, anakonza tayi, n'kutembenuzira nkhope kumanzere. Foni inali italiranso kale kawiri.