Khosi la Gitala Yanga ya Nsambo Zisanu ndi Ziwiri

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, tikukhala mu komboni ya mgodi kunja kwa Bindura. Bambo anga anali kalipentala kumgodiko. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo pakhomo ankayankhula Chichewa chokhachokha, ife ana n'kumawayankha mosakaniza ndi Chishona. Ine ndinkaimba gitala yamagetsi m'bandi ya kutchalitchi kwathu, mtsikana ndekha pakati pa anyamata anayi. Ndinkaitha gitalayo, ndipo sindinkabisa kuti ndimaitha.

Vuto linabwera pamene mnyamata woimba bezi, gitala ya mawu akuya, anapeza ntchito m'minda ya malalanje ku Mazowe, n'kupita ndi bezi yake. Nyimbo zathu zinapepuka. Azimayi amene ankadzuka kuvina tikangoyamba anayamba kungowomba m'manja ali pansi. Mukoma Fanuel, mtsogoleri wa bandi, anatiuza kuti abusa akuganiza zoitana bandi ya tchalitchi china kuti idzaimbe pa msonkhano wa Pasaka, ife tidzakhale pabenchi.

“Ndipatseni masabata asanu ndi limodzi,” ndinatero. “Ndidzaimba mawu apansi ndi apamwamba pa gitala imodzi.”

Anyamata anaseka, koma ine maganizo ndinali nawo kale. Ndinkafuna gitala ya nsambo zisanu ndi ziwiri, yachisanu ndi chiwiriyo yonenepa, yoti chala changa chachikulu chizigunda mawu akuya zala zina zikuyendetsa nyimbo. Ndinayamba ndayesa pa gitala ya tchalitchi. Ndinamasula nsambo yake yonenepa kuti itsike mawu, koma inangolefuka, n'kumamenya timizere tachitsulo ta pakhosi, phwa phwa phwa. Ndipamene ndinapita kwa Bambo.

Anandimvetsera akunola chizulo chawo pakhonde. Nditamaliza analowa m'nyumba n'kutsitsa kudenga thabwa la mlombwa limene anasungira tebulo la Amayi. Amayi anayang'ana thabwalo, anayang'ana ine, n'kunena kuti chakudya chimakoma ndi pamphasa pomwe. Thabwalo linali limodzi lokha.

“Khosi likhale lalitali bwanji?” anafunsa Bambo. “Kuchokera pamene nsambo imayambira kumutu mpaka pamene imakhala pa kamlatho kumunsi, mainchesi angati?”

“Ngati bezi, Ababa. Mainchesi 34.”

Ndinayankha mosaganiza kawiri. Ndinali nditayeza kale gitala ya tchalitchi, inali mainchesi 25 ndi theka, ndipo ndinkaona kuti ngati yaifupi ikulefula nsambo, ndiye yaitali kwambiri ndiyo yabwino kwambiri. Bambo sananditsutse. Anangonena kuti akadula mipata ya timizere tija sizitheka kuisunthanso, chifukwa malo a kamzere kalikonse amachokera pa utali wa nsambo. Kenaka anabweza mlombwa kudenga.

Mawa lake ataweruka anabwera ndi thabwa lachabechabe la paini, lothimbirira ndi fumbi la mgodi. Anakhomapo zomangira nsambo ziwiri za gitala yakale, anakokapo nsambo yonenepa ija ndi ina yopyapyala kwambiri, n'kulowetsa pansi pake kamtengo koti ndizikasuntha. Anandipatsa tepi yoyezera ndi choko.

“Sabata imodzi,” anatero. “Uzisuntha, uzimanga, uzimvetsera. Ukadzandiuzanso 34, ndidzadula 34.”

Ndinayambira pa 34 pomwepo, Loweruka m'mawa, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Nsambo yonenepa inalira bwino kwambiri, mawu ake ndinkawamva m'mawondo mmene thabwa linagona. Ndinaitana Bambo mokuwa kuti adzamve. Kenaka ndinayamba kumanga yopyapyala ija kuti ifike pa mawu ake. Inakwera, inakwera, inauma ngati singano, ndipo isanafike inaduka, thu! Nsonga yake inandikwapula pa tsaya. Magazi anali pang'ono, koma manyazi anali ambiri. Bambo anabwera, anayang'ana tsaya, n'kutulutsa m'thumba la ovolosi nsambo ina. Anali ataigula kale kutauni.

Ndinajambula ndi choko malo a timizere toyambirira mmene anandiphunzitsira, n'kuyesa kugwira nyimbo imene tinkatsegulira mapemphero. Zala zanga zinatambasuka mpaka pomaliza, koma kachala kakang'ono sikanafike. Apo ndinazindikira kuti nsambo ziwirizi zimafuna zinthu zosiyana. Yonenepa imafuna mtunda kuti ilimbe, yopyapyala imaopa mtunda womwewo, ndipo dzanja langa nalo linali ndi malire ake.

Sabata yonseyo ndikabwera kusukulu ndinkathamangira ku thabwa lija. Pa 30 yopyapyala sinaduke, koma inkapweteka zala ndipo inkalira mokwiya. Pa 26 dzanja linkamasuka, koma ndikagunda yonenepa mwamphamvu, monga timagundira nyimbo ikatentha, mawu ake ankayamba akwera kenaka n'kutsika. Ndinkasuntha kamtengo pang'onopang'ono, theka la inchesi, n'kumanganso. Anzanga ankadutsa akupita kumpopi n'kumandifunsa ngati ndapenga. Lachisanu ndinapeza malo. Pa 27 yonenepa inaima nji, yopyapyala inapirira, ndipo kachala kanga kankafika, ngakhale movutikira.

Ndinawauza Bambo atangovula nsapato zakuntchito. Anagwira dzanja langa lamanzere, analitambasula pa tepi, n'kupukusa mutu.

“Ine ndikanati 26, mwanangu. Dzanja lako ndi laling'ono. Udzatopa nyimbo isanathe.”

Sindinali nditawatsutsapo pa nkhani ya matabwa. Koma ndinali nditakhala ndi thabwa lija masiku asanu ndi awiri. Ndinasunthira kamtengo pa 26, ndinagunda, n'kuwauza amvetsere mmene mawu akugwedezekera. Ndinabwezera pa 27, n'kugundanso.

“Dzanja ndilizoloweretsa, Ababa. Koma nsambo yolefuka ndingaiphunzitse chiyani?”

Anandiuza ndibwereze kawiri. Kenaka anaseka n'kutulutsa mawu a Chilapalapa, chinenero cha kumgodi, otanthauza kuti zili bwino kwambiri, amene ankawasungira ntchito yokhoza: “Mushe sitereki!” Anatsitsa mlombwa, anaupala mpaka fungo lake linadzaza khonde, n'kundipatsa pensulo yawo yakukhutu. Mzere wa 27 ndinaujambula ine. Iwo anangogwira tepi.

Anagwira ntchitoyo masabata anayi, madzulo alionse dzuwa lisanalowe. Kachida kotola mawu a nsambo anatikulungira ndi a Zuze, mnzawo wa ku Mozambiki amene anali wamagetsi kumgodi, popeza ka gitala wamba sikakanafikira nsambo zonse zisanu ndi ziwiri. Gitalayo inatuluka yolemera, yofiira ngati dothi lonyowa, ndipo lamba wake ankanditupitsa phewa. Ndinaiyeseza sabata imodzi yokha.

Pa Pasaka tchalitchi chinadzaza, ena anabwera pa malole kuchokera kumafamu ndi ku Shamva. Mukoma Fanuel anandiyang'ana mwankhawa, anawerenga kanayi, ine n'kugwetsa chala chachikulu pa nsambo yonenepa. Mawu anatuluka mu ampulifaya ngati galimoto ya miyala ikudutsa pamsewu, ndipo mzere wakutsogolo unadzuka nyimbo isanafike pakati. Bambo ananena zoona, pa nyimbo yachinayi dzanja linagwidwa ndi dzanzi ndipo ndinaphonya malo awiri. Ndinasintha kagwiridwe, ndinasiya kachala kakang'ono kapume, n'kupitiriza mpaka mapemphero anatha. Potuluka mukoma Fanuel anandinyamulira gitala yekha mpaka kunyumba, chinthu chimene anali asanachitirepo aliyense.

Panopa ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ana olimba mtima ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ndimawakonda, chifukwa ndinali mmodzi wa iwo. Chimene ndinamvetsa mochedwa n'chakuti tsiku limene ndinanena 34 ndi tsiku limene ndinanena 27 ndinayankhula ndi mphamvu yofanana, ndipo munthu wongodutsa sakanasiyanitsa. Bambo anasiyanitsa. Sanafune kundichepetsa mawu, anafuna kuti mawuwo akhale ndi pogwira. Mwana akandiyankha mokweza m'kalasi sindimuuza kuti akhale chete. Ndimamufunsa kuti wayesa kangati, ndipo akandionetsa, ndimalola kuti andigonjetse anzake akuona.